Njinga ya Magetsi ndi Thukuta la Wakabaza

 Madzulo ano ndikupempha kuti tipitire limodzi ku Mangochi, kumene Nyanja ya Malaŵi imathera ndi kutsanulira madzi ake mu mtsinje wa Shire. Nkhani yathu ndi ya njinga, koma njinga ya mtundu wina, imene m'mizinda yambiri ya maiko akunja yasanduka chokwera cha tsiku ndi tsiku. Ndikunena njinga ya magetsi.

Aliyense amene adafikako ku Mangochi akudziŵa kuti imeneyi ndi tauni ya njinga. Mukaima m'maŵa pafupi ndi nsanja ya wotchi ija idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, n'kuyang'ana cha ku mlatho wa Bakili Muluzi, mudzaona njinga zikuoloka Shire mondondozana ngati linthumbu. Wina wakweza mai wopita ku sikelo ndi mwana kumsana, wina wamanga matumba aŵiri a makala, wina dengu la usipa, winanso mitolo ya udzu wofolera nyumba. Dera lozungulira tauniyi n'lachigwa, lopanda zitunda zambiri, choncho njinga idapeza kwao. Pa kalembera wa 2018 boma la Mangochi lidapezeka ndi anthu oposa 1,100,000, ndipo ambiri mwa iwo akafuna kupita ku msika, ku chigayo kapena ku chipatala, amayamba aganiza za njinga.

Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndidali mphunzitsi. Nditatsiriza maphunziro anga a uphunzitsi, adanditumiza ku sukulu ina ya pulaimale m'mbali mwa nyanja, patali ndithu ndi mseu wa tala. Mwezi ukatha ndinkakwera kabaza kupita ku boma, ndipo amene ankandinyamula kaŵirikaŵiri adali bambo wina wa msinkhu wa atate anga. M'mwezi wa Okutobala, dzuŵa likaswa mtengo, malaya ao ankanyoŵa mpaka kumata pa msana, ine ndili khale pa kaliyala, wamphamvu zanga zonse, nditagwira chikwama. Tikafika pa mchenga ndinkatsika kuti tikankhe, koma iwo sankakondwa nazo, chifukwa ankaona ngati akundibera ndalama yanga. Ine ndinkachita manyazi kunyamulidwa, iwo ankachita manyazi kunditsitsa. Patapita zaka ndidapitanso kumeneko pa ntchito ya wailesi, ndipo ndidapeza kuti bambo aja adaleka kabaza. Maondo adali atakana, ndiponso pa siteji paja padali patadzaza njinga zamoto za anyamata, kotero kuti wokwera njinga yakapalasa adayamba kusoŵa.

Sindikunyoza njinga yamoto ai. Yafupikitsa mitunda, yapulumutsa amai ambiri apakati amene akadachirira pa njira, ndipo yapatsa anyamata zikwizikwi chochita. Koma walira mvula walira matope. Njinga yamoto imadya petulo, ndipo petulo timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu limazipeza movutikira. Tonse tikukumbukira mizere ya pa malo omwetsera mafuta mu 2022, mu 2023 ndi mu 2024, pamene akabaza ankagona pa mzere kapena kugula mafuta a m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba. M'mwezi wa Novembala 2023 mtengo wa lita imodzi ya petulo udachoka pa K1,746 kufika pa K2,530, ndipo pambuyo pake udakweranso. Mtengo wa petulo ukakwera, wokwera kabaza amalipira zambiri, wogula nsomba amalipira zambiri, koma wakabaza mwini wake salemera. Pamwamba pa izi pali ngozi zapamseu, zimene madokotala a mafupa m'zipatala zathu akhala akudandaula nazo kwa zaka zingapo.

Tsono wakabaza wa ku Mangochi ali pakati pa njira ziŵiri. Njira ina imamudya thupi, ina imamudya thumba. Funso langa madzulo ano n'lakuti: kodi palibe njira yachitatu?

Njinga ya magetsi poiona siisiyana kwenikweni ndi njinga yakapalasa imene tidaizoloŵera. Ili ndi chishalo, handulo, tcheni, mapedulo ndi kaliyala. Zoonjezerapo zake n'zitatu. Choyamba ndi kainjini koyendera magetsi, kamene amisiri amakatcha mota, ndipo kamakhala pakati pa gudumu, pamene pamakumana masipoko, kapena pakati pa mapedulo. Chachiŵiri ndi batire, lotalika pang'ono kuposa lofu ya buledi, lolemera pafupifupi makilogalamu 3, limene mungathe kulichotsa ndi kukalitchaja m'nyumba. Chachitatu ndi kabokosi kamene kamamva kuti mwini njinga wayamba kupalasa, n'kuuza mota kuti imuthandize. Choncho simukhala chete monga pa njinga yamoto. Mumapalasabe, koma zimakhala ngati pali munthu wosaoneka amene akukukankhani kumbuyo, ndipo mwera ukamaomba kuchokera kutsogolo kapena mukafika pa chitunda, munthu ameneyo satopa. Batire likatha muli pa njira, njinga imakhalabe njinga. Imalemererapo, koma mumapalasa mpaka kukafika kwanu. Njinga yamoto ikatha mafuta, mwini wake amatsika ndi kuyamba kukankha.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mu 1895 munthu wina wa ku America, Ogden Bolton, adalembetsa ku boma la kwao njinga yoyendera batire. Koma mabatire a nthaŵi imeneyo adali olemera kwambiri ndi osachedwa kutha, kotero kuti kwa zaka pafupifupi 100 njinga yotere idangokhala chodabwitsa chabe. Zinthu zidayamba kusintha mu 1991, pamene kampani ya Sony ya ku Japan idayamba kugulitsa mabatire a lithium, mtundu womwewo umene uli m'mafoni athu a m'manja. Mu 1993 kampani ya Yamaha, imene asodzi a kuno amaidziŵa bwino chifukwa cha mainjini a maboti, idatulutsa njinga yothandiza munthu pamene akupalasa. Lero ku China kuli njinga za magetsi zoposa 300 miliyoni. Ku Germany, mu 2023, anthu adagula njinga za magetsi 2.1 miliyoni ndi njinga wamba 1.9 miliyoni, ndipo aka kadali koyamba kuti za magetsi ziposere zinzake. M'maiko a ku Ulaya lamulo limati mota ikakhala yosapitirira mawati 250, ndipo ikamasiya kuthandiza njinga ikafika pa liŵiro la makilomita 25 pa ola, imeneyo ndi njinga basi, yosafuna laisensi. Oikwera kumeneko si anthu ochita maseŵero okha. Ndi onyamula makalata, operekera chakudya m'makomo, amai operekeza ana ku sukulu, ndi okalamba amene adali ataleka kupalasa.

Mwina wina anganene kuti zimenezo n'za azungu ndi anthu a ku Asia, a misewu yosalala ndi magetsi osathima. Tiyeni tibwere kuno ku Africa. Ku Kigali, likulu la dziko la Rwanda, kampani ya Ampersand idayamba mu 2019 kupereka kwa akabaza njinga zamoto zoyendera batire. Wakabaza sadikira kuti batire lidzaze. Amafika pa malo osinthira, kusiya batire lakutha, kutenga lodzaza, kulipira, n'kumapita, monga momwe timasinthira botolo la zakumwa pa golosale. Kuyambira mu Januwale 2025 boma la Rwanda lidasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zochitira kabaza mu mzinda umenewu. Pafupi ndi ife, ku Wedza m'dziko la Zimbabwe, bungwe la Mobility for Africa lidayamba mu 2019 kubwereketsa kwa magulu a amai a kumudzi njinga za magudumu atatu zotchedwa Hamba, zimene mabatire ake amatchajidwa ndi dzuŵa. Amai ameneŵa amatengerapo ndiwo zamasamba ndi mkaka kupita ku msika, ndi odwala kupita ku chipatala. Zoona, izi n'zazikulupo kuposa njinga imene tikukamba, koma mtima wake ndi umodzi, ndipo zikutiphunzitsa kuti batire likhoza kugwira ntchito pa mseu wa fumbi, m'manja mwa anthu osauka.

Ku Mangochi njinga ya magetsi ikadali mlendo, ndipo mlendo timayamba tamufunsa zimene wanyamula. Tiyeni tiŵerengere limodzi, ndipo amene muli ndi pensulo pafupi mulembe. Batire la njinga wamba ya magetsi limasunga pafupifupi theka la yuniti imodzi ya magetsi, yuniti yomweyo imene timagula ku ESCOM. Kulidzaza kumatenga maola 4 mpaka 6. Pa mseu wabwino wopanda zitunda, munthu akamapalasako, theka la yuniti limeneli limamuyendetsa makilomita 40 mpaka 60. Njinga yamoto yaing'ono, kuti iyende mtunda womwewo, imamwa lita imodzi ya petulo kapena kuposerapo. Tsono tengani lisiti lanu la magetsi, muone mtengo wa yuniti imodzi, muugaŵe paŵiri. Kenaka funsani mtengo wa lita ya petulo lero. Kusiyana kwa manambala aŵiriwo ndiyo ndalama imene ingatsale m'thumba mwa wakabaza tsiku lililonse, ndiponso ndiyo ndalama yakunja imene dziko lingasunge kuti ligulire mankhwala ndi feteleza.

Ganizani za munthu wa geni ya nsomba amene amagula chambo kapena utaka pa doko mbandakucha, cha ku Makawa kapena ku Malindi, kuti akagulitse pa msika wa pa boma. Mdani wake ndi dzuŵa. Ola lililonse limene wataya pa njira, nsomba zimafeŵa ndipo mtengo umatsika. Pa njinga yakapalasa, dengu lili lodzaza, amayenda pang'onopang'ono, n'kufika atatopa. Akakwera njinga yamoto, phindu lake lina limathera ku petulo. Njinga ya magetsi ingamufikitse msanga, akadali ndi mphamvu zoti n'kubwereranso ulendo wachiŵiri. Ganizaninso za mlangizi wa zaumoyo woyendera midzi, za mphunzitsi wokhala kutali ndi sukulu yake, za ambulansi ya njinga ija imakoka wodwala pa kangolo, ndi za bambo anga akabaza aja, amene mwina akadapalasabe zaka zina zisanu.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikadakhala wonama ndikadalekera pomwepa. Pali mavuto atatu amene tiyenera kuŵayang'ana m'maso.

Vuto loyamba ndi mtengo. Njinga imeneyi, kapena zipangizo zake, zimachokera kunja, ndipo zimagulidwa ndi madola. Kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, choncho chilichonse chochokera kunja chidakwera. Njinga ya magetsi yatsopano mtengo wake ungagule njinga zakapalasa zingapo. Ndiponso batire silikhala mpaka muyaya. Likatchajidwa maulendo 500 mpaka 1,000 limayamba kufooka, ndiye kuti kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku, pakatha zaka ziŵiri kapena zitatu pamafunika lina, ndipo batire ndicho chipangizo chodula koposa pa njinga yonse. Amene adzadya ndalama yonse imene wapulumutsa pa petulo, osasungako ya batire, tsiku lina adzapezeka ali ndi njinga yolemera yopanda mthandizi. Chotonthoza mtima n'chakuti sikofunika kugula njinga yonse yatsopano. Pali zipangizo zogulitsidwa pazokha, gudumu lokhala ndi mota, batire ndi kabokosi kaja, zimene mmisiri angazimange pa njinga imene muli nayo kale, malinga ikhale yolimba ngati ma Humber ndi ma Raleigh a makolo athu, kapena Buffalo ya masiku ano, imene kaliyala yake idapangidwa kuti isenze makilogalamu 100.

Vuto lachiŵiri ndi kotchajira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malaŵi muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira ndi magetsi a ESCOM. Ngakhale amene ali nawo amadziŵa kuti amathima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tidakhala mu mdima wosinthana kwa nthaŵi yoposa chaka. Komabe pa vuto ili anthu a kunyanja ali ndi mwai umene ena alibe. Dzuŵa lomwe lija lidanyoŵetsa malaya a wakabaza ndilo chuma chathu. Ku Salima kuli munda wa masola wa mamegawati 60 umene udayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo ku Golomoti, pa njira yochokera ku Monkey Bay kupita ku Dedza, kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake, umene udatsegulidwa mu 2022. Amenewo ndi aakulu, koma sola imodzi ya mawati 200 pa denga, tsiku loŵala bwino, imakwanira kudzaza batire limodzi la njinga. Ndipo pitani pa doko madzulo mukaone asodzi a usipa akukonzekera. Kale ankapopa nyali za palafini kuti akope nsomba usiku. Lero ambiri amanyamula mababu ndi mabatire amene akhala akutchajidwa usana wonse. Palibe adaŵakakamiza. Adaŵerengera okha, naona kuti palafini akuŵadyera phindu. Anthu amene adaphunzira kutchaja batire la nyali sangalephere kutchaja batire la njinga. Chovuta n'chimodzi: dzuŵa limaŵala nthaŵi yomwe wakabaza ali pa mseu. Mpake kuti nzeru ya ku Kigali ndi ku Wedza, yosiya batire lina likudzaza pamene lina likugwira ntchito, ndiyo ingatiyenere.

Vuto lachitatu ndi kasamalidwe. Dera lathu lili ndi adani atatu a batire: mchenga, kutentha ndi madzi. Pa mchenga wa kunyanja, ndiponso pokwera phiri la Chowe kupita ku Namwera, mota imakoka magetsi ambiri, kotero kuti makilomita 50 aja akhoza kutsika kufika pa theka. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kumene kuno kumapitirira madigiri 35, kumakalambitsa batire msanga ngati njinga isiyidwa pa dzuŵa. Madzi nawo, kaya a mvula, kaya a nyanja monga adasefukira m'midzi ya m'mbali mwa gombe mu 2024, akaloŵa m'batire amaliononga. Choopsa koposa ndi moto. Batire la lithium lachinyengo, lophwanyika, kapena lotchajidwa ndi tchaja yosakhala yake, likhoza kuyaka mwadzidzidzi, ndipo moto wake ndi wovuta kuzima. Mu Febuluwale 2024, mu mzinda wa Nanjing ku China, anthu 15 adafa pa moto umene udayambira pamene padaimikidwa njinga za magetsi pansi pa nyumba yosanja. Ife ambiri timagona m'nyumba zofolera ndi udzu. Choncho batire lisatchajidwe m'chipinda chogona, lisatchajidwe pakhomo potulukira, ndipo lisasiyidwe pa magetsi usiku wonse anthu ali m'tulo. Likatha ntchito lisatayidwe kudzala kapena m'madzi, makamaka la mtundu wakale lokhala ndi mtovu ndi asidi, pakuti nyanja imene timamwa ndi kudyamo nsomba siidzatha kulisanza.

Tionjezepo za pa mseu. Njinga imeneyi imathamanga kuposa yakapalasa koma siimveka kubwera kwake. Pa mseu wa ku Monkey Bay, pamene ana a sukulu, mbuzi, maminibasi ndi malole zimakanganirana tala yemweyo, woikwera ayenera kukhala ndi belu lomveka, nyali, mabuleki ogwira ndi chipewa choteteza mutu. Mabuleki amene ankaimitsa njinga yoyenda pang'onopang'ono sangaimitse msanga njinga yothamanga itasenza matumba aŵiri a chimanga.

Nanga tichitenji? Mutu umodzi susenza denga. Wakabaza mmodzi payekha sangathe kugula njinga, mabatire aŵiri ndi sola. Koma akabaza ali ndi magulu ao pa siteji iliyonse, okhala ndi wapampando ndi msungichuma, ndipo amai a geni ya nsomba ali ndi mabanki a m'khonde amene amasunga ndi kubwereketsa ndalama chaka ndi chaka. Gulu lotere likhoza kuyamba ndi njinga imodzi kapena ziŵiri, kuziyesa nyengo ya mwera ndi nyengo ya dzinja, kulemba m'kope ndalama zoloŵa ndi zotuluka, ndi kuona ngati phindu lilipodi lisanaike chuma chake chonse. Amalonda amene ali kale ndi masola otchajira mafoni ndi mabatire a asodzi pa madoko angaganize zoonjezera mabatire a njinga. Bungwe la TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja ziyambe kuphunzitsa achinyamata kukonza mota ndi kabokosi kaja, chifukwa mmisiri wathu wa pansi pa mtengo wa mango amadziŵa kumata chubu ndi kuongola limu, koma waya wa magetsi ndi nkhani ina. Bungwe loona za miyezo ya katundu, la Malawi Bureau of Standards, likhale tcheru pa mabatire oloŵa m'dziko, kuti tisasanduke dzala la zinthu zimene ena adazikana. Ndipo inu amene mwaganiza zogula, kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Funsani wogulitsa kuti batire lina mudzalipeza kuti ndi pa mtengo wanji, ndani adzakonza mota ikavuta, ndipo iyeyo akulonjeza chiyani njinga ikafa mwezi woyamba. Akayankha mozemba, bwezani ndalama yanu m'thumba.

Omvera anga, njinga ya magetsi siidzachotsa njinga yakapalasa, imene idzakhalabe bwenzi la wosauka, ndipo siidzapambana njinga yamoto pa ulendo wautali wa ku Makanjira. Malo ake ali pakati: maulendo a makilomita 5, 10 kapena 20, ochokera pa doko kupita pa msika, ochokera kumudzi kupita ku chipatala, amene ndiwo maulendo ochuluka a anthu a m'matauni athu a kunyanja. Pa maulendo amenewo ingathe kusunga maondo a wopalasa ndi ndalama ya wokwera, ngati tiyamba taganiza za batire tisanakopeke ndi utoto wa njinga.

Inu akabaza a ku Mangochi, ku Monkey Bay, ku Liwonde, ku Salima ndi kwina konse, ndinu amene mumadziŵa mtengo weniweni wa kilomita imodzi. Tilembereni kuno ku wailesi, mutiuze makilomita amene mumayenda pa tsiku, ndalama imene mumapeza, ndi imene imathera ku petulo kapena kokonzetsa, kuti tidzaŵerengerenso limodzi ndi manambala anu.